Kodi "chartered" ndi chani ndipo mawuwa anachokera kuti? Mafunso ndi mayankho

Mawu awa timangokumana nawo paliponse, pa dzina la banki, pa CV ya akawuntanti, m'mabuku a history a ku sekondale pomwe akukamba za Cecil Rhodes, ngakhale pa nkhani ya ndege ya hayala amati charter. Ambiri amangoganiza kuti ndi chizungu chotanthauza kuti munthu anaphunzira kwambiri kapena kuti bungwelo ndi lapamwamba, koma si choncho ayi, ndipo kwa ife a kuno kwathu nkhani yake ndi yolemera chifukwa pali nthawi yomwe malo a makolo athu ankalamulidwa ndi makampani omwe mphamvu zawo zonse zinali pa liwu lomweli.

Kodi bungwe likakhala chartered ndiye kuti chani kwenikweni?

Ndiye kuti linapatsidwa charter, basi. Charter ndi chikalata chomwe wolamulira, kaya ndi mfumu ya dziko kaya ndi nyumba ya malamulo, amalemba kunena kuti bungwe lakutilakuti lilipo, tikulidziwa, ntchito yake ndi iyi, mphamvu zake ndi izi ndipo malire ake ndi awa. Chofunika kugwira ndi chakuti bungwe silidzilembera lokha charter, imachokera kumwamba kwa wina wake yemwe ali ndi mphamvu zoipereka, ndipo yemweyonso atha kuilanda. Zili ngati mudzi, anthu mutha kumanga nyumba zambiri pamalo amodzi n'kumatchula wina wa inu kuti mfumu koma mpaka a T/A avomereze ndipo dzina lilowe m'kaundula wa boma mpamene anthu akunja amautenga ngati mudzi weniweni.

Nanga liwu loti charter linachokera kuti?

Linayamba ndi Agiriki. Iwo anali ndi liwu loti khartes lomwe linkatanthauza tsamba la gumbwa lolembapo, ija mapepala akale ankapanga kuchokera ku gumbwa wa m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Egypt. Aroma analitenga n'kukhala charta mu Chilatini, ndipo kapepala kakang'ono ankati chartula. Kuchokera apo linalowa mu Chifalansa chakale n'kukhala chartre, kenako Angerezi analitola cha m'zaka za m'ma 1200, nthawi yomwe Chifalansa chinali chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi m'makhoti ku England chifukwa cha a Norman omwe analanda dzikolo mu 1066. Nde poyambirira penipeni linkangotanthauza pepala, kenako pepala lolembedwa, kenako pepala lolembedwa ndi mfumu lopereka ufulu kapena malo. Mawu ena a Chingerezi ngati card, chart, carton ndi cartoon onsewo ndi a mtundu umodzi, anachokera pa muzu womwewo.

Zoona kuti liwu lathu loti kalata ndi lachibale ndi charter?

Zoona ndithu, ndipo izi zimandisangalatsa kwambiri. Charta wa Chilatini uja mu Chipwitikizi anakhala carta, ndipo Apwitikizi atakhazikika m'chigwa cha Zambezi, ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1500, makolo athu anamva carta n'kumati kalata, monganso mmene sapato inakhalira nsapato. Ndiye liwu limodzi lomwelo linatipeza kudzera njira ziwiri, loyamba linabwera ndi amalonda a Chipwitikizi kukwera ndi Zambezi, lachiwiri linabwera patapita zaka mazana ndi Angerezi. Anzathu a Chiswahili nawo ali ndi karatasi, lomwe linadzera kwa Aluya koma gwero lake ndi khartes yemwe uja. Mukafuna kufotokozera agogo kuti chartered company ndi chani mutha kungowauza kuti ndi kampani yokhala ndi kalata ya mfumu ndipo simunalakwitse.

Anayamba kupereka ma charter ndani?

Mwambo wolemba zikalata zotere unali ku Ulaya konse, mafumu, mabishopu ndi Papa onse ankalemba, koma mmene liwuli likugwirira ntchito lero zinakulira ku England. William yemwe anagonjetsa England anapatsa anthu a mu London kachikalata kakafupi mu 1067 kowatsimikizira kuti malamulo awo akale apitirira ndipo mwana azilowa chuma cha bambo ake, kachikopa kameneko kakusungidwabe mpaka pano. Matauni ankafuna charter kuti akhale ndi msika wawo, khoti lawo komanso azitolera okha misonkho. Magulu a amisiri nawonso, oluka nsalu a mu London analandira yawo mu 1155 kwa Henry II. Yunivesite ya Cambridge inalandira mu 1231, Oxford mu 1248, zonse kwa Henry III. Ankalemba pa chikopa n'kupachikapo chidindo chachikulu cha phula, chidindocho ndiye chinali umboni poti anthu ambiri nthawi imeneyo sankatha kuwerenga.

Magna Carta ija ikukhudzana nazo?

Eya, dzinalo likungotanthauza kuti charter yaikulu. Mfumu John anaivomera pa 15 June 1215 ku Runnymede atapanikizidwa ndi nduna zake zomwe zinatopa ndi misonkho komanso kumanga anthu popanda mlandu. Koma iyi sinakhazikitse bungwe lililonse, inali yoika malire pa mphamvu za mfumu. Apa ndi pomwe liwuli linagawikira pawiri, pali charter yobereka bungwe ndiye palinso charter yolonjeza maufulu.

Kodi charter imapatsa chani bungwe chomwe silikanakhala nacho palokha?

Chachikulu ndi chakuti bungwelo limasanduka munthu pamaso pa malamulo. Popanda chimenechi gulu la anthu 20 ndi anthu 20 basi, malo akagulidwa amalembedwa m'dzina la wina wake ndipo akamwalira ana ake atha kunena kuti ndi a bambo athu, ngongole ikabwera aliyense amagwidwa payekha. Koma likapatsidwa charter bungwe limakhala ndi dzina lake, chidindo chake, litha kugula malo, kusumira munthu kapena kusumiridwa, ndipo oyambitsa onse akatha kumwalira ilo limapitirirabe. Angerezi izi amati incorporation, kuchokera ku corpus lomwe mu Chilatini ndi thupi, kutanthauza kuti anthu ambiri aja awumbidwa kukhala thupi limodzi. Corporation ndi mawu omwewo. Kwa zaka mazana ambiri ku England njira zopezera thupi limeneli zinali ziwiri zokha, kalata ya mfumu kapena lamulo lapadera la nyumba ya malamulo.

Chachiwiri chomwe amalonda ankachilimbirana kwambiri chinali choti iwo okha ndi omwe azichita malonda akutiakuti kudera lakutilakuti, wina aliyense akayerekeza katundu wake ankalandidwa.

Nde bwanji makampani a masiku ano sapita kwa mfumu?

Chifukwa njira ija inali yodula, yochedwa komanso yokomera okhawo odziwana ndi akuluakulu. Mu 1720, nthawi ya chisokonezo cha masheya a South Sea Company, nyumba ya malamulo ku Britain inakhazikitsa Bubble Act yoletsa makampani ogulitsa masheya opanda charter, lamuloli linakhala mpaka 1825. Mafakitale ndi njanji zitachuluka zinaoneka kuti sizingatheke kampani iliyonse kumakagogoda kunyumba ya mfumu, ndiye mu 1844 anapanga lamulo loti ungolembetsa kwa registrar, ndipo mu 1855 anaonjezera zoti kampani ikagwa mwini sheya amangoluza ndalama zomwe anaikamo osati nyumba yake. Limited ija mumaiona kumapeto kwa maina inachokera pamenepo. Zomwe timachita lero polembetsa kampani kwa Registrar General ku Malawi, ku PACRA ku Zambia, ku CIPC ku South Africa kapena ku Companies House ku Britain ndi mwana wa lamulo la 1844 lija. Kuyambira pamenepo royal charter inatsala ya mabungwe apadera, mayunivesite, mabungwe a akatswiri, ndi ena ngati BBC yomwe ikuyendera charter kuyambira 1927 ndipo imaunikidwanso pakapita zaka pafupifupi 10.

Nanga ma chartered company a m'mabuku a history anali otani?

Apa ndi pomwe mtima umawawa. Awa anali makampani a anthu wamba ofuna phindu, okhala ndi masheya ndi ma director, koma kalata yawo inkawalola kuchita zinthu zomwe ndi boma lokha liyenera kuchita, kukhala ndi asilikali, kumanga malinga, kupangana mapangano ndi mafumu a eni dziko, kuweruza milandu, pena mpaka kusula ndalama zawo. East India Company inalandira charter kwa Elizabeth I pa 31 December 1600 kuti izikagula tsabola ndi zokometsera zina, koma pofika 1757 itapambana nkhondo ya Plassey inayamba kulamulira Bengal ndipo kenako mbali yaikulu ya India, asilikali ake anadzapitirira 200,000. A Dutch anali ndi yawo ya 1602 yotchedwa VOC, ndi yomwe inatumiza Jan van Riebeeck ku Cape mu 1652. Royal African Company ya 1672, yomwe mkulu wake anali James mchimwene wa mfumu Charles II, katundu wake wamkulu anali anthu, inkagula akapolo ku West Africa n'kumawadinda ndi chitsulo chamoto asanakwere chombo.

Boma la Britain linkaikonda njira imeneyi chifukwa dziko linkakula popanda kuononga ndalama za msonkho wa kwawo, zikavuta ankati ndi za kampani, zikayenda mbendera inali yawo. Nthawi yolimbirana Africa anaidzutsanso, Royal Niger Company mu 1886, Imperial British East Africa Company mu 1888, ndi British South Africa Company mu 1889.

Kwathu kuno zinatikhudza bwanji?

Kwambiri zedi. British South Africa Company ya Cecil Rhodes inalandira charter kwa Mfumukazi Victoria pa 29 October 1889, ndipo anthu ankangoitchula kuti Chartered osaonjezeranso china. Maziko ake anali pepala lomwe Charles Rudd ndi anzake anasainitsa Lobengula mfumu ya Amandebele mu 1888, lomulonjeza mfuti 1,000, zipolopolo 100,000 ndi mapaundi 100 mwezi uliwonse posinthana ndi miyala ya pansi pa nthaka. Lobengula atazindikira zomwe zinalembedwamo analikana pepalalo ndipo anatumiza nduna zake mpaka ku London, koma charter inaperekedwabe. Mu 1890 gulu la kampani linafika pomwe pano pali Harare n'kukweza mbendera, chaka chomwecho Frank Lochner anasainitsanso Lewanika wa Alozi, ndipo pofika 1895 dziko lonselo linkatchedwa ndi dzina la mwini kampani, Rhodesia.

Kwa Achewa, Angoni ndi Ansenga a kum'mawa kwa Zambia nkhaniyi ndi ya pakhomo penipeni. Kunabwera kampani ina yotchedwa North Charterland Exploration Company, dzina lenilenilo likunena kuti dziko la charter, yomwe inkati ili ndi malo okwana masikweya mailosi 10,000 potengera zomwe Mjeremani wina Carl Wiese ankati anagwirizana ndi Mpezeni. Ankakhulupirira kuti kuli golide. Mu 1898 asilikali a boma la atsamunda ochokera mbali ya kuno ku Malawi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo anaphedwa, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, ndipo Nc'wala inasiya kuchitika mpaka pomwe inadzatsitsimutsidwa mu 1980. Tauni yomwe anamanga pamenepo anaitcha Fort Jameson potengera Leander Starr Jameson mnzake wa Rhodes, ndiyo Chipata ya lero. Anthu anakankhidwira m'malo opanikizana osalola bwino mbewu, msonkho wa nyumba unawakakamiza kupita kukagwira ntchito kumigodi ndi m'mafamu a kum'mwera, ndipo mabanja ambiri olankhula Chichewa omwe ali ku Zimbabwe lero mbiri yawo imayambira m'maulendo a nthawi imeneyo.

Kampaniyi inalamulira Southern Rhodesia mpaka 1923 ndi Northern Rhodesia mpaka 1924, koma ufulu wa miyala ya pansi ku Northern Rhodesia inaugwirabe, nde kopa yense wa ku Copperbelt ankailipira gawo mpaka 1964 pomwe inausiya kutangotsala maola ochepa kuti Zambia ilandire ufulu, ndipo inalipidwa mapaundi 4 miliyoni. Mfundo yomwe ine sindifuna kuti itayike ndi iyi, kalatayo inalembedwa ku London ndi munthu yemwe malowo sanali ake, kupatsa anthu omwenso malowo sanali awo, eni ake sanakhale nawo pa zokambiranazo. Pamalamulo a Britain zonse zinali zovomerezeka. Ndiye mukamva kuti chartered musathamangire kuganiza kuti ndi chinthu chachilungamo, liwulo limangokuuzani kuti wina wamphamvu anavomereza.

Malawi naye analamulidwapo ndi kampani? Nanga Mandala?

Malawi sanakhale pansi pa kampani mwachindunji ngati Zambia ndi Zimbabwe, analengezedwa kukhala protectorate ya boma la Britain mu 1891, mbali ina chifukwa amishoni a ku Scotland a ku Blantyre ndi Livingstonia sankafuna kulamulidwa ndi Rhodes kapena Apwitikizi. Komabe ndalama zoyendetsera boma la Harry Johnston, mkulu woyamba wa atsamunda kuno, zaka zoyambirira, mapaundi 10,000 pachaka, zinkachokera kwa Rhodes yemweyo, ndipo kampani yake inadzakhala ndi malo aakulu kumpoto cha ku Karonga.

Mandala, kapena kuti African Lakes, inayambika ku Glasgow mu 1878 ndipo ankaiyendetsa ndi John ndi Frederick Moir. Inasainitsa mafumu ambiri mapepala ndi chiyembekezo choti ipatsidwe charter koma sinaipeze, inakhalabe kampani wamba ya malonda ndi sitima za panyanja.

Ku Mozambique zinali bwanji?

Apwitikizi anachitanso zomwezo, iwo ankati companhias majestáticas. Companhia de Moçambique inapatsidwa Manica ndi Sofala likulu lake ku Beira ndipo inalamulira mpaka 1942, pomwe Companhia do Niassa inatenga kumpoto konse kuyambira kugombe la nyanja yathu mpaka ku Cabo Delgado mpaka 1929. Ndalama zambiri m'makampaniwa zinali za Angerezi, Afalansa ndi ena osati Apwitikizi. Phindu lawo linkachokera pa msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza ya chibalo, nkhanza zake n'zimene zinathawitsa anthu ambiri kuoloka malire kulowa ku Nyasaland.

Charter itha kulandidwa?

Eya. Virginia Company inalandidwa mu 1624, Massachusetts mu 1684. East India Company inachotsedwa pa ulamuliro mu 1858 anthu a ku India ataukira chaka cha 1857, ndipo inathetsedweratu mu 1874. Royal Niger Company inasiya ulamuliro pa 1 January 1900 koma inalipidwa mapaundi 865,000, madera akewo ndi omwe anadzakhala mbali ya Nigeria.

Tibwere ku za lero, chartered accountant ndi ndani?

Apa pali kachinthu komwe anthu amasokoneza. Munthu payekha sapatsidwa charter ndi mfumu ayi, chomwe chili ndi charter ndi bungwe, ndipo bungwelo ndi lomwe limaloledwa kupereka dzinalo kwa mamembala ake omwe akwanitsa zofunika. Zinayambira ku Scotland, ma akawuntanti a ku Edinburgh analandira charter mu 1854, a ku Glasgow mu 1855, a ku Aberdeen mu 1867, ndipo iwowa ndi omwe anayamba kudzitchula chartered accountant pofuna kudzisiyanitsa ndi aliyense yemwe ankangotsegula ofesi n'kumati ndimatha kuwerengera ndalama. A ku England ndi Wales anatsatira mu 1880. ACCA, bungwe lina la ma akawuntanti la ku Britain lomwe mayeso ake ambiri kuno amalemba, inayamba mu 1904 koma charter inaipeza mu 1974, ma akawuntanti a CIMA mu 1975, a zamalonda a CIM mu 1989, a zogulagula a CIPS mu 1992. Ma injiniya a Institution of Civil Engineers anali nayo kale kuyambira 1828.

Ndiye dzinali si digiri. Munthu atha kukhala ndi digiri ya accounting ngakhale masters koma osakhala chartered, chifukwa pamafunika mayeso a bungwelo, zaka zogwira ntchito moyang'aniridwa, ku ACCA ndi miyezi 36, kulipira umembala chaka ndi chaka, kupitiriza maphunziro, komanso kuvomera kuti ukachita zachinyengo akuitana n'kukuchotsa m'kaundula. Kwa ine mbali yomalizayi ndiyo phindu lenileni la dzinali, pali malo okadandaula.

Koma ku Malawi mfumu ya ku Britain ilibe mphamvu, nde ICAM ikukhala bwanji chartered?

M'maiko omwe ndi ma republic ntchito ya mfumu ija inatengedwa ndi nyumba ya malamulo. ICAM, bungwe la ma akawuntanti a ku Malawi lomwe kale linkatchedwa SOCAM, mphamvu zake zikuchokera mu Public Accountants and Auditors Act ya 2013, ndipo pamwamba pake pali Malawi Accountants Board. ZICA ya ku Zambia nayo imayendera Accountants Act. India inachita chimodzimodzi ndi lamulo lake la 1949. Liwu linatsala lomwelo poti ndi lomwe dziko lonse limalizindikira pa ntchitoyi, koma wovomereza anasintha, pano ndi aphungu omwe tinawasankha tokha, kusiyana kumeneku sikochepa mukakumbukira za 1889 zija.

Standard Chartered dzina lake likuchokera pomwepa?

Eya. Ndi mabanki awiri omwe anaphatikizana mu 1969. Ina inali Chartered Bank of India, Australia and China yomwe James Wilson anaipezera royal charter mu 1853, inayo inali Standard Bank yomwe inayamba mu 1862 ndi John Paterson wa ku Port Elizabeth. Anangotenga liwu limodzi uku lina uku.

Registered, licensed, accredited ndi chartered zimasiyana pati?

Registered ndiye kuti dzina lako lili m'kaundula, wakwaniritsa zomwe fomu ikufuna ndipo walipira, aliyense wokwanitsa amalembetsedwa. Licensed ndi chilolezo chochita ntchito inayake kwa nthawi yoikika, ngati layisensi ya wailesi yochokera ku MACRA, ikatha umakaonjezera. Accredited ndiye kuti akatswiri anabwera kudzaona ngati zomwe ukuchita zikufika pa mulingo, ngati mmene NCHE imachitira ndi makoleji ndi mapulogalamu awo. Chartered ndi pamene chikalata chapadera chabereka bungwelo n'kulipatsa mphamvu zomwe ena alibe. Bungwe limodzi litha kukhala ndi zonsezi kapena chimodzi chokha, ndipo vuto lomwe limapweteka makolo ambiri ndi la sukulu yomwe inalembetsedwa ngati kampani n'kumaonetsa satifiketi imeneyo ngati umboni woti maphunziro ake ndi ovomerezeka, pomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Kenya ndiye liwu la charter amaligwiritsa ntchito ndithu pa mayunivesite, yunivesite ikakhwima pulezidenti amaipatsa charter.

Mabungwe ngati MBC kapena University of Malawi, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo lawolawo la nyumba ya malamulo, pachizungu amati statutory, ndi abale apafupi a chartered ngakhale dzina ndi lina.

Nanga a Rotary ndi a Lions akamati charter night?

Pamenepo wopereka si boma koma likulu la bungwe lawo. Kalabu yatsopano ikakwanitsa chiwerengero cha mamembala ndi malamulo, Rotary International kapena Lions Clubs International amaitumizira chikalata choivomereza kuti ndi nthambi yawo yeniyeni ndipo itha kugwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro. Tsiku lolandira chikalatacho amalikumbukira chaka chilichonse, ndipo omwe analipo poyamba amatchedwa charter members.

Ndege ya charter ikubweramo bwanji mu nkhani ya mafumu?

Iyi inadzera kwa amalonda a panyanja. Munthu akafuna kubwereka chombo chonse ankalemba pangano kawiri pa chikopa chimodzi kenako n'kuchidula pakati, mwini chombo theka wobwereka theka, pakabuka mkangano ankalumikiza zidutswazo kuti aone ngati zikugwirizana. Mu Chilatini ankati charta partita, pepala logawidwa, ndipo mpaka lero pangano lobwereka sitima limatchedwa charterparty. Kuchokera apo kuchita charter kunayamba kutanthauza kutenga chombo, ndege kapena basi yonse pa hayala. Nde chartered flight ilibe kalata ya mfumu iliyonse, ndi ya hayala basi.

UN Charter, Freedom Charter ndi service charter ya m'maofesi a boma?

UN Charter yomwe inasainidwa ku San Francisco pa 26 June 1945 ndi yobereka bungwe, kungoti olemba ndi maiko okhaokha kugwirizana. Ya OAU, bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa, ya pa 25 May 1963 ku Addis Ababa chimodzimodzi. African Charter on Human and Peoples' Rights ya 1981 ili mbali ya Magna Carta, yolonjeza maufulu. Freedom Charter ya ku Kliptown mu 1955 ndiye inatembenuza zinthu, sinachokere kumwamba koma anthu wamba oponderezedwa ndi omwe analemba zofuna zawo, ngati mmene anachitira antchito a ku Britain ndi People's Charter yawo ya 1838 pofuna ufulu wovota. Service charter yomwe mumaiona itapachikidwa pakhoma m'maofesi, yonena kuti chakuti chimatenga masiku angati ndipo mtengo wake ndi uwu, inafala kuchokera pa Citizen's Charter ya John Major ya 1991. Muziiwerenga mukalowa mu ofesi, ndi lonjezo lomwe analemba okha ndipo muli ndi ufulu kuwakumbutsa.

Bungwe lathu lingathe kupeza royal charter, kapena kungoika chartered pa dzina?

Royal charter imaperekedwabe ku Britain kudzera ku Privy Council, yomwe imalangiza mfumu, koma ndi mwa apo ndi apo. Amafuna bungwe lokhazikika, la ndalama zolongosoka, loimira ntchito yomwe palibe bungwe lina likuimira kale, nthawi zambiri la mamembala osachepera 5,000, ndipo lionetse kuti anthu wamba apindula. Mukailandira mumataya ufulu wina chifukwa kusintha charter kumafuna chilolezo cha Privy Council yomweyo. Kwa abale athu omwe ali ku UK ndipo akuyambitsa gulu lothandizana pa maliro kapena lotukula kumudzi, izi sizikufunika n'komwe, Companies House kapena Charity Commission ndi zokwanira, ndipo dziwani kuti chartered ndi limodzi mwa mawu omwe Companies House salola kuika pa dzina la kampani popanda chilolezo.

Ku Malawi mpingo, bungwe la m'dera kapena NGO nthawi zambiri imalembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act kapena ngati kampani yopanda masheya pansi pa Companies Act ya 2013, ndipo ma NGO amalembetsanso ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO. Mukatero thupi lija lomwe kale linkafuna kalata ya mfumu mwalipeza, malo ndi akaunti ya kubanki zikhala m'dzina la bungwe osati la tcheyamani.

Ndingadziwe bwanji kuti munthu kapena bungwe lomwe likuti ndi chartered likunena zoona?

Funsani kuti charter yanu inachokera kwa ndani ndipo liti, weniweni sachedwa kuyankha. Ngati akuti ndi ya ku Britain, Privy Council ili ndi mndandanda wa mabungwe onse omwe anapatsidwa pa intaneti. Ngati ndi ya kuno akuuzeni dzina la lamulo lomwe linawakhazikitsa. Akakhala munthu, mufunseni bungwe lake ndi nambala ya umembala kenako imbani kapena lembani ku bungwelo, ICAM, ZICA, SAICA ya ku South Africa, ACCA onsewa amatha kukuuzani ngati munthuyo ali membala panopa, chifukwa wina anakhozadi mayeso zaka zapitazo koma anasiya kulipira kapena anachotsedwa. Ndipo ngati mukufuna woti asainire ma audit a kampani kapena a mpingo wanu, umembala wokha sukwanira, afunikanso akhale ndi practising certificate ya chaka chimenecho, chiphaso chomulola kugwira ntchitoyo, muione ndi maso anu musanamupatse mabuku.